Mwambo wa pamalo olimbitsira thupi ku Mitundu ndi Nathenje

Malo amene anthu amakumanapo kuti akhetse thukuta limodzi sakhala opanda mwambo. Pamayenera kudziwika wololedwa kulowa, wotsogolera, kagwiridwe ka zipangizo zimene onse akudalira, ndi chilango cha wophwanya lamulo. Kumwera kwa boma la Lilongwe mwambo wotere ndi wakale kwambiri kuposa jimu. Mitundu, imene ili chakufupi ndi phiri la Bunda, ndi Nathenje, imene ili m'mbali mwa msewu wa M1 polowera ku Dedza, ndi misika yozunguliridwa ndi midzi ya Achewa ya m'madera a mafumu aakulu monga Chiseka, Chadza, Kalumba ndi Masula. Pa zaka zoposa 100 zapitazi anthu a m'midzi imeneyi alimbitsa matupi awo pabwalo la mfumu, m'boma la mganda, pasukulu, pagalaundi ya mpira, ndiponso kuseri kwa nyumba kumene anyamata amanyamula simenti youmbidwa m'zitini. Paliponse mwa malowa padali mwini lamulo, ndipo mbiri ya mwambowu ikutsata mmene eni lamulowo akhala akusinthira.

Kale kudalibe nthawi yopatulidwa yolimbitsa thupi, poti ntchito inkakwanira. Kusosa, kugalauza, kupalira, kubandira, kusenza mitolo ya udzu, kusinja ndi kutunga madzi zinkadya mphamvu za munthu kuyambira m'bandakucha. Nyonga inkayesedwa ndi chimene yatulutsa. Mnyamata wopita ku chikamwini apongozi ankamuonera pa kukula kwa munda umene watsegula, pa nkhokwe imene waluka ndi pa denga limene wafolera. Chifuwa chotambalala nkhokwe ili pululu sichinkapatsa munthu ulemu. Maganizo amenewa sadafe: mpaka lero akuluakulu ambiri a kumudzi akaona mnyamata akunyamula chitsulo n'kuchibwezera pomwe wachitenga amafunsa kuti nanga kumunda kulima ndani.

Achinyamata okha ndiwo adali ndi malo oyeserana mphamvu popanda phindu la ntchito. Kubusa, m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje ngati Nanjiri ndi Diamphwe, anyamata ankagwetsana, kupikisana liwiro ndi kusambira. Nako kudali malamulo, ngakhale adali owawa. Wogwetsedwa akavomera kuti wagonja nkhani inkathera pomwepo, kutola mwala kapena chibonga pogwetsana kudali kwa amantha, ndipo za kubusa sizinkafika kwa makolo. Wogonjetsa anzake onse ndiye ankakhala pamthunzi n'kumatuma ang'onoang'ono kukabweza ng'ombe, madzulo ulamuliro wake n'kupitirira kumphala. Apa lamulo lidali m'manja mwa wamphamvu, ndipo padalibe womufunsa.

Malo oyamba kukhala ndi maudindo odziwika ndi zilango zogamulidwa ndi akuluakulu adali bwalo la gule. Mfumu yokhala ndi mzinda ndiyo ili ndi mphamvu yochititsa chinamwali ndi kutulutsa gule wamkulu, ndipo imagwira ntchito ndi anamkungwi, akunjira ndi atsabwalo. Dambwe ndi liunde ndi malo a olowa okha. Za kumeneko sizikambidwa pagulu, ndipo wosameta akapezeka akusuzumirako wapalamula mlandu waukulu. Za pabwalo ndiye aliyense amaziona. Bwalo limasesedwa, zitsa ndi minga n'kuchotsedwa gule asanafike. Oyimba mbalule, mpanje ndi gunda ali ndi mbali yawo, pafupi ndi moto wowambira ng'oma. Amayi oyimba nyimbo ndi kuwomba m'manja ali ndi yawo. Mafumu ndi alendo ali ndi pokhala pawo. Kudutsa pakati gule ali m'bwalo n'koletsedwa, chimodzimodzinso kupanikiza bwalo mpaka gule kusowa potembenukira. Wofupa amatsata njira yake, saponya ndalama mwachipongwe. Wolakwa amalipa nkhuku, mbuzi kapena ndalama, malinga ndi kukula kwa mlandu.

Muzu wa malamulowa ndi ulemu kwa mizimu ya makolo, komatu mulinso nzeru yopewa ngozi. Makanja amavina ali wamtali kuposa denga la nyumba, gologolo amakwera mlongoti, kapoli ndi kang'wing'wi amapalasa fumbi mwaliwiro, ndipo zilombo zikuluzikulu ngati njovu ndi chimkoko zimafuna malo otakasuka. Chitsa chimodzi choiwalika, kapena mwana mmodzi wothamangira pakati, n'zokwanira kuvulaza. China chofunika kuchisunga m'mutu n'chakuti wolowa kumene sasiyidwa yekha. Amapatsidwa phungu womuyang'anira ndi kumulangiza, ndipo namwali akalakwa, phungu naye amafunsidwa. Bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, n'kumulemba m'kaundula wake mu 2008. Dongosolo la maudindo ndi malangizo limeneli ndilo lidasunga gule kufikira tsiku limenelo.

Mamishoni adabwera ndi mwambo wa mtundu wina. A mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ansembe a White Fathers adatsegula Likuni mu 1903, ndipo patapita zaka mishoni ya Mlale idamangidwa kufupi ndi Mitundu. Sukulu zawo zidafalikira m'midzi, ndipo pamodzi ndi sukuluzo kudabwera belu, mizere ya m'mawa, kuguba, kutambasula manja potsata mawu a mphunzitsi, ndi kuyendera zikhadabo, mano ndi tsitsi. Kadali koyamba kuti kulimbitsa thupi kukhale phunziro palokha, la nthawi yake yoyambira ndi yothera. Wochedwa ankalandira chikwapu kapena kupatsidwa malo oti alambule. Sukulu ndi dambwe zidalimbirana anyamata omwewo, makamaka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, monga Ian Linden adafotokozera m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa, ndipo mwana wa kalasi ya mpingo woonekera pabwalo la gule ankalangidwa.

Pakati pa mabwalo awiriwa padabadwa gulu lachitatu, limene mwa onse ndilo likufanana kwambiri ndi kalabu ya masewera ya lero: boma la mganda. Gwero lake ndi beni, gule amene adayamba m'zaka za m'ma 1890 m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere monga Lamu ndi Mombasa, kumene achinyamata ankatsanzira perete ndi bandi ya asilikali a Azungu. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo adaitcha ya chiwaya, idatenga amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 ngati asilikali ndi ena pafupifupi 200,000 ngati amtengatenga. Amene adapulumuka adabwerera kwawo ndi sitepe ya chisilikali m'miyendo. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi pachilumba cha Likoma guleyu adakhala malipenga, kwa Ayao adatsala ndi dzina la beni, ndipo ku Kasungu, Nkhotakota, Ntchisi, Dowa, Lilongwe ndi Dedza adakhazikika ngati mganda. Terence Ranger adalondola ulendo wa guleyu m'buku lake la 1975.

Gulu la mganda linkadzitcha boma, ndipo linkayendetsedwadi ngati boma. Pamwamba padali kingi, pansi pake maudindo obwerekedwa ku usilikali ndi ku chipatala: kaputeni, sajeni, dokotala, namwino. Kulowa sikudali kobadwa nako, sikunkadzeranso m'chinamwali. Munthu ankapempha yekha, akuluakulu a boma n'kumuvomera, iye n'kulonjeza kusonkha ya ng'oma, ya yunifolomu ndi ya chakudya cha alendo. Ichi chidali chachilendo m'mudzi wa Achewa, mmene pafupifupi udindo uliwonse unkayendera mtundu ndi mbumba. M'boma la mganda mphwake wa mfumu ankatha kuima kumzere wa m'mbuyo, munthu wamba wodziwa sitepe n'kukhala kutsogolo, popanda woona chachilendo.

Zokonzekera zinkachitika anthu akatha kukolola, madzulo, kwa masabata angapo mpikisano usanafike, ndipo n'zolemetsa thupi kuposa mmene oonerera amaganizira. Wovina mganda amawerama, kudzuka, kuponda ndi kutembenuka pamodzi ndi anzake uku akuuzira badza, lipenga la chipanda limene kale linkamatidwa nembanemba ya kangaude kuti lizinjenjemeretsa mawu. Mpweya uyenera kukwanira miyendo ndi pakamwa nthawi imodzi. Malamulo a pokonzekera adali achindunji. Wochedwa kapena wojomba popanda chifukwa ankalipa. Wezulo ikalira macheza atha. Wosokoneza sitepe mobwerezabwereza ankabwezedwa m'mbuyo kufikira ataphunzira, ndipo wobwera ataledzera sankaloledwa kuima pamzere, poti mmodzi wodzandira amawononga mzere wonse. Ng'oma yaikulu idali ya boma lonse. Inkasungidwa kwa munthu wosankhidwa, ndipo woing'amba mosasamala ankafunafuna yekha chikopa china.

Lamulo lalikulu koposa lidali la ukhondo. Malaya oyera, kabudula wosita ndi simbi ya makala, masokosi aatali, nsapato zopukutidwa, tayi, kampango m'dzanja: zonsezi zinkayenderedwa gulu lisanalowe m'bwalo. Ntchito ya dokotala ndi namwino idali yomweyo, kuona ngati ovina ali audongo ndi athanzi, ndi kuthandiza wokomoka kapena wobinya mwendo. Clyde Mitchell, amene adaonerera kalela, gule wa fuko limodzi ndi mganda, ku Luanshya m'migodi ya kopa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, adalemba za namwino wozungulira pakati pa ovina atanyamula kalilole ndi kampango kuti aliyense adzione ndi kupukuta thukuta. Ku Lilongwe zovala zotere zinkagulidwa ndi ndalama za fodya wa chikopa, amene alimi a m'bomali adayamba kulima kwambiri m'zaka za m'ma 1920, kapena kubwera m'masutikesi a amuna ochokera ku Salisbury ndi ku Joni. Kukhwimitsa ukhondo kotere kudali ndi tanthauzo lake. M'dziko limene Mzungu ankaitana bambo wa ana asanu kuti boyi, kuima pamzere wowongoka utavala zoyera mbee kudali kudzinenera ulemu umene boma la atsamunda linkamana anthu.

Pachimake pa chaka padali kuchezerana. Boma lina linkaitana linzake la mudzi wina, eni mudzi n'kukonza pogona, nsima ndi thobwa. Alendo ankafika ali pamzere, kukaonekera kaye kwa mfumu, kenaka magulu n'kuvina mosinthana, lililonse nthawi yake. Kulowerera nthawi ya anzako kapena kuwanyoza pamaso pa anthu kudali kupalamula. Ndewu zinkabuka ndithu, kawirikawiri chifukwa cha mowa ndi zibwenzi, ndipo n'chifukwa chake maboma ankaika anthu osungitsa bata pabwalo. Chilango choopedwa kwambiri sichidali cha ndalama: boma lochititsa manyazi silinkaitanidwanso. Amayi nawo adali ndi magulu awo a chimtali, okhala ndi mtsogoleri, wezulo, zitenje zofanana ndi msonkhamsonkha wawo.

Ufulu wa 1964 udasamutsa lamulo la kulimbitsa thupi kuchoka m'mudzi kupita m'manja mwa boma lenileni. Gulu la Malawi Young Pioneers lidakhazikitsidwa mu 1963 mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, ndipo lamulo la 1965 lidalipatsa mphamvu zake. Kumalo awo ophunzitsira, kuyambira ku Nasawa m'boma la Zomba, tsiku linkayamba ndi kuthamanga ndi perete, kenaka ulimi ndi maphunziro a ngodya zinayi za chipani cha MCP: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Apayoniya ankatumizidwa m'sukulu za sekondale kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi, ndipo chaka ndi chaka Sabata ya Achinyamata inkatulutsa ana asukulu kukalambula misewu, kuumba njerwa ndi kuonetsa masewera pamaso pa akuluakulu a chipani. Koleji ya zaulimi ya Bunda, imene idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, idabweretsa m'derali mabwalo a masewera okonzedwa mwa dongosolo, ndipo mumzinda wa Lilongwe, umene udakhala likulu la dziko mu 1975, mudamangidwa Kamuzu Institute for Youth. Mganda ndi chimtali nazo zidakokeredwa ku misonkhano ya chipani, nyimbo zake n'kusanduka zotamanda Kamuzu Banda.

Nyengoyi idasiya mbadwo wodziwa kusunga nthawi ndi kuima pamzere, ndipo ambiri amaikumbukira motero. Koma mwambo wake udamangidwa pa mantha. M'boma la mganda munthu akatopa nazo ankatuluka. Pa perete wa apayoniya padalibe kukana, ndipo ena mwa anyamata olimbitsidwa matupiwo ndi amene ankaima pazipata za misika kufunsa khadi la chipani. Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo, lidazika maganizo akuti mkazi wa thalauza ngwopanda mwambo. Lamulolo lidathetsedwa ndale zitasintha, koma maganizowo adatsala, moti mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula akazi pamsewu chifukwa cha mathalauza. Mayi wa ku Mitundu amene lero amamanga chitenje pamwamba pa thalauza pothamanga m'mawa akudziteteza ku chipongwe cha mtundu womwewo. Gulu la apayoniya lidatha mu Disembala 1993, pamene asilikali adalilanda zida pa Operation Bwezani.

Chaka chotsatira sukulu za pulayimale zidakhala zaulere, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi adachepa, makalasi adasefukira, ndipo nthawi ya masewera idasanduka yosesa kapena yongoponyera ana mpira. Pambuyo pake phunziroli lidaphatikizidwa ndi nyimbo, magule ndi zaluso pansi pa dzina la Expressive Arts. Mpata umene udatsalawo udadzazidwa ndi matimu a m'midzi a mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye. Mwambo wawo udatengera zambiri ku mganda: kusonkha ya mpira ndi ya mayendedwe, kuchapa majezi mosinthana, wosabwera kokonzekera osasewera Lamlungu. Chimene chidafooka ndi ulemu wa pakati pa mlendo ndi mwini bwalo. Mabonanza a anthu ofuna mipando ya ndale adaika ndalama pakati, ndipo kuthamangitsa oyimbira, kunenerana za mankhwala okwiriridwa pagolo ndi kuthawa masewera asanathe zidachuluka.

Zitsulo zidabwera ndi makanema. M'zaka za m'ma 1990 nyumba zoonetsera vidiyo zidafalikira m'misika, anyamata n'kuona matupi a Arnold Schwarzenegger, Sylvester Stallone ndi Jean-Claude Van Damme. M'malo a mumzinda wa Lilongwe ngati Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 36, kenakanso m'misika ya kunja kwa mzinda, adayamba kudzipangira zonyamula: simenti ndi miyala zothiridwa m'zitini za penti, paipi pakati, magiya ndi zitsulo za mabuleki za magalimoto akufa, zolumikizidwa kwa owotcherera, benchi la matabwa lokhomedwa ndi kalipentala. Ku Nathenje, kumene kuli makwale, mwala woswaswa si wosowa. Obwera pamalo otere ndi akabaza, onyamula katundu pamsika, alonda, ana a sekondale, ndi ena ofuna ganyu ya ubaunsa pamaukwati ndi m'malo omwera mowa. Ochepa amalota mpikisano wa Mr Malawi.

Malamulo a kuseri kwa nyumba salembedwa, koma alipo, ndipo ambiri adabadwa chifukwa cha kuchepa kwa zida. Benchi likakhala limodzi anthu asanu ndi mmodzi, womaliza seti yake amadzuka msanga kuti mnzake agone. Woyembekeza sangoima chabe: amakhala kumutu kwa benchi, manja ali chire pafupi ndi paipi, kuti mnzake zikamukanika amulandire chitsulo chisanamugwere pachifuwa kapena pakhosi. Kuseka kapena kuyang'ana kumbali pa nthawi imeneyo ndiko kulakwa kwakukulu pamalowa. Chonyamula cha simenti sachiponya pansi, chifukwa chimasweka, ndipo wochiswa amagula simenti ina. Kulemera kwake sikudziwika bwino, nthawi zambiri mbali ziwiri sizifanana, choncho mlendo amauzidwa kuti ayambe ndi chopepuka. Wofika ndi matama n'kuthamangira cholemera amakumbutsidwa kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Pomaliza zitsulo zimalowetsedwa m'nyumba, poti ogula zitsulo zakale amalandira chilichonse osafunsa kumene chachokera. Palinso ulemu kwa eni khomo, umene ndi wa Chichewa chenicheni: kupereka moni polowa, kusatukwana, kusasuta chamba, ndi kuvala malaya amayi a pakhomopo akamadutsa.

Jimu yolipira, ya makina ndi akalilole, idakula mumzinda pa chifukwa china, cha matenda. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse ali ndi shuga. Matendawa sadalambalale kumudzi. Chigayo chidalowa m'malo mwa mtondo, njinga yamoto ikulowa m'malo mwa yakapalasa, ndipo mphunzitsi, namwino, wogulitsa m'golosale kapena wogwira ntchito ku LUANAR, yunivesite imene koleji ya Bunda idakhala gawo lake mu 2012, amatha tsiku lonse osatuluka thukuta. WHO imalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mlimi wa khasu amapitirira pamenepo Lachiwiri lisanathe, koma wa muofesi amafuna malo ndi nthawi yake. Kuchokera apo ndi pamene kudabwera jimu za m'mahotela, ya ku Kamuzu Institute for Sports, ndi magulu a aerobics a Loweruka m'mawa, mmene amayi ndiwo amachuluka. Malamulo a kumeneko amamatidwa pakhoma: kubwera ndi thaulo, kuvala nsapato zotseka, kupukuta benchi ukamaliza, kubwezera zitsulo m'malo mwake, kusakhalitsa pa makina ena akudikira. Mliri wa Covid-19, umene udafika m'Malawi mu Epulo 2020, udakhwimitsa lamulo la kupukuta.

Kulemba malamulo pakhoma la malo otere si nzeru ya dzulo. Mumzinda wa Beroia ku Macedonia mudapezeka mwala wolembedwa zaka zoposa 150 Khristu asanabadwe, wofotokoza kayendetsedwe ka malo awo olimbitsira thupi. Udatchula osaloledwa kulowa, monga akapolo, oledzera ndi amisala, udapatsa woyang'anira mphamvu yolanga, n'kuikanso chindapusa cha ndalama zawo 50 kwa womutukwana ndi 100 kwa womumenya. Kusala akapolo kudali kuipa kwa nthawi yawo, koma mfundo yakuti pakhale munthu mmodzi wodziwika woyankha pa zonse zochitika pamalopo ndi yomwe atsabwalo ndi kingi wa mganda adaimirira.

Apa ndi pamene malo a lero akusiyana ndi onse akale. Pabwalo la gule munthu ankalowa podzera mwa makolo ake, m'boma la mganda podzera mwa anzake omuvomera, pa perete pokakamizidwa. Mu jimu amalowa ndi ndalama, ndipo mwini malo woopa kutaya kasitomala amazengereza kudzudzula. Kuseri kwa nyumba nako kawirikawiri wolamula ndi amene akunyamula cholemera koposa, monga zidaliri kubusa. Wovutika woyamba ndi wolowa kumene. Alibe phungu, amaphunzira poonera kapena pa foni, ndipo kuvulala kwa msana ndi mapewa kumayambira pamenepo. Mnyamata wa zaka 15 amene akukakamira kulemera kwa munthu wa zaka 30, kapena amene wauzidwa ndi anzake za mapiritsi ndi jakisoni zokulitsa minofu, amafunika wamkulu woti amuletse, ndipo pamalo ambiri wamkuluyo palibe.

Vuto lina, lalikulu kuposa mmene amuna ambiri amavomerezera, ndi la akazi. Kuyang'anitsitsa, ndemanga za thupi, kugwira mkazi m'chiuno ponamizira kumuwongola, ndi kumujambula mobisa n'kutumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook zimachititsa amayi ambiri kusiya patangotha masabata ochepa, chonsecho ndiwo amene achipatala amawalimbikitsa kawirikawiri kuchepetsa thupi. Pabwalo la chimtali nkhani yotere ikadafika kwa mfumu tsiku lomwelo. Malamulo a dziko alipo: la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuzunza munthu pa nkhani zokhudza kugonana, ndipo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti. Koma mlandu umafika kupolisi zinthu zitaipa kale, ndipo ambiri safikako n'komwe.

Mitundu ndi Nathenje zikukula, magetsi ndi nyumba za lendi zikuchuluka, ndipo malo onyamulira zitsulo achulukanso. Malo alionse otere, kaya ndi a makina kaya a zitini za simenti, ayenera kukhala ndi woyang'anira wodziwika kwa mfumu kapena kwa komiti ya msika, amene angalandire wolowa kumene, kuletsa mwana cholemera chomuposa, ndi kutulutsa wachipongwe ngakhale atalipira mwezi wonse. Malamulo akewo alembedwe m'Chichewa, poti ambiri mwa amene amamatidwa m'jimu za mumzinda ali m'Chingerezi.